Wotchi ya Malizani

Ine ndimatsegula mimba za mawotchi
pa katebulo kanga ku Kapata,
pakati pa mayi wa salaula
ndi mnyamata wopopa matayala a njinga.
Galasi pa diso limodzi, linalo ndimatsinzina.
Zaka makumi awiri ndi zitatu tsopano.

Lachiwiri kunabwera Malizani Daka wa ku Mchini,
uja amagula soya m'midzi ya ku Chiparamba.
Anaivula pang'onopang'ono
ngati akumatula bandeji pa chilonda.
Golide waliwali, dzina lachizungu pankhope,
koma kuseri kwa galasi kunali nkhungu
ndipo muvi wa masekondi unkangonjenjemera pamodzimodzi
ngati mbuzi ya chingwe chachifupi.

Akuti anaiona pa foni usiku, mkazi atagona.
Mtengo weniweni ataudula ndi mzere wofiira,
pansi pake mtengo wachibale,
pansi pakenso: zatsala ziwiri zokha.
Mmawa matumba khumi ndi anayi a soya
analowa pa kazenera ka ndalama za pa foni
pafupi ndi siteshoni.
Inabwera pa basi ya ku Lusaka, m'katoni ya sopo.
Milungu itatu inayenda ngati msilikali.
Kenaka mvula ya pa Khirisimasi.
Nambala ija lero amayankha ndi mkazi wa makina:
muyesenso nthawi ina.

Ndinatsegula kumbuyo.
Momwe muyenera kukhala timagudumu ta mkuwa tolumana mano
ndinapezamo kapulasitiki koyera,
kabatire ka makwacha khumi,
ndi kachitsulo komatidwa ndi guluu
kuti mkono uzimva kulemera.
Mwambi wa nkhuyu ndi nyerere unafika pamlomo.
Ndinaumeza.

Yeniyeni ndinaigwirapo kamodzi.
Anabwera nayo Mayi Vesitina Njobvu, a malole a simenti.
Anaigula m'sitolo ina ku Lusaka
komwe mlonda amakutsegulira chitseko,
amakupatsa tiyi, nalemba dzina lako m'buku,
ndipo nambala ya pa wotchi imagwirizana ndi ya pa chikalata.
Mtengo wake ndi nyumba ya malata ku Navutika, mpanda womwe.
Ndinaiika pakhutu. Sinkagunda, inkapuma.
Ndinaibweza osaitsegula:
mayi, kaperekeni kwa eni ake,
kachitsulo kanga kakangokhudza apa, chikalata chanu chafa.
Ndimamva kuti imagona m'sefa.
Imatuluka pa maukwati ndi pa maliro a anthu olemera,
mwini wake ataphimba mkono ndi chitenje podutsa pamsika,
nthawi akuyang'ana pa foni.

Malizani anandiyang'ana, diso langa la galasi lija.
Nanga bwanji, amisiri, ndi yeniyeni?
Kumbuyo kwake mwana wake wamwamuna
anali atagwirizira njinga, makutu ali tcheru.
Loweruka akupita ku Katete kukakamba za malowolo,
ndipo jekete anabwereka kale.

Ndinaiyanika pa chivindikiro cha chitini, padzuwa.
Ndinapukuta nkhungu, ndinasintha batire,
ndinapaka girisi m'mphepete mwa chitseko chake.
Muvi unadula chingwe, nuyamba kuyenda.
Ndinati: makwacha makumi atatu.
Musasambe nayo.
Mitambo ikada ku Kanjala, ilowe m'thumba.

Anakhala chete nthawi yokwana kusenda nzimbe.
Sanafunsenso.
Anawerenga ndalama kawiri, zamakwinya, zonunkha fumbi la soya.

Tiike nthawi yanji?
Yanga ya pamkono inali itaima kuyambira dzulo,
mmisiri sadzikonzera.
Tinadikira pang'ono, tonse atatu,
mpaka mzikiti wa kumunsi kwa masitolo unaitana wa masana.
Ndinapotokola kamutu, mivi inakhala m'malo.

Anaivala, nakokera mkono wa malaya m'mwamba pang'ono.
Mwana anapalasa, bambo ali pa keliyala,
dzanja lamanzere lili panja ngati akukhotera kwinakwake,
golide wa guluu akuthwanima
mpaka pa mphambano.